Za Kusula Atsogoleri a M'zipatala Zathu

Tamverani inu amene mwakhala pakhonde pamene dzuwa lapendeka, inu amene muli pa ulendo, ndiponso makamaka inu amene mawu anga akukupezani pachipatala, kaya muli gone m'wodi, kaya mwayala mkeka ku chitando kudikira kuti mlonda atsegule chitseko mukapereke phala kwa m'bale wanu. Nkhani imene ndadza nayo lero ndi yoti ambiri a ife timaikamba mokalipa pobwerera kuchipatala, m'minibasi ndi pamaliro, koma kawirikawiri timaisiya panjira osakaitula kwa mwini wake. Ndipo ndapempha mpata uno kuti tiiyale pansi mofatsa, pakuti akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Funso lake ndi ili. Zitheka bwanji kuti zipatala ziwiri za m'boma limodzi, zolandira mankhwala kuchokera ku nkhokwe imodzi, zokhala ndi anamwino amene anaphunzira m'kalasi imodzi nalandira malipiro ofanana, zisiyane kotero kuti anthu a m'midzi amalolera kupitirira chimene chili pafupi, nalipira kabaza, kuti akafike ku chakutali chija chimene amati “kumeneko ndiye amalandira anthu”? Mukawafunsa sadzatchula makina kapena nyumba zosanja. Adzati kumeneko munthu amapatsidwa moni, amauzidwa chimene chikumuvuta, ndipo akafunsa funso sakalipiridwa. Chimene ine ndatsimikiza mumtima ndi chakuti kusiyanaku kumayambira pa mpando wa amene akuyang'anira chipatalacho, ndiponso kuti mwa onse ogwira ntchito m'chipatala, munthu wa pampandoyo ndiye yekha amene timamsenzetsa ntchito imene sitinamphunzitse.

Tiyeni tiyambe taona munthu amene nkhani yonseyi ikumukhudza. Taganizirani mayi wachikulire amene wakhala pa ma ARV zaka zambiri, amenenso posachedwapa wapezeka ndi shuga ndi kuthamanga kwa magazi, ndipo kunyumba wasiya adzukulu ndi mwamuna wofa ziwalo mbali imodzi. Lachiwiri ndi tsiku lake la ma ARV, Lachinayi ndi la shuga, ndipo thupi likatentha ayenera kudzaima pa mzere wa onse tsiku linanso. Pa khomo lililonse amamasula mfundo ya chitenje, natulutsa kabuku kake ka kuchipatala kokutidwa ndi pepala la pulasitiki, nakapereka ndi manja awiri; wolandirayo amalemba maso ali pa kabuku, namubwezera, naitana wotsatira. Palibe amene amamfunsa kuti ndalama ya maulendo atatuwo amaipeza kuti, kapena amene amatembenuza mwamuna uja iye akakhala kuno, kapena ngati malangizo oti achepetse mchere ndi nsima yoyera ali otheka m'nyumba imene mphika uli umodzi. Akaphonya tsiku, amalembedwa m'kaundula kuti wathawa mankhwala. Aliyense amene wamuona wagwira ntchito yake monga anaphunzitsidwa, ndipo palibe amene wamutukwana. Koma mayiyu wabwerera kwawo asanakumane ndi munthu amene wamuona iye yense.

Chisamaliro choika munthu patsogolo ndi chimene chimayamba ndi mayiyu, ndi moyo wake monga ulili, nichikonza ntchito za chipatala kuti zimutsate iye. M'chaka cha 2016 maiko a m'bungwe la zaumoyo la dziko lonse, la WHO, anavomerezana ku Geneva kuti ntchito zaumoyo zizilumikizidwa ndi kukonzedwa poyang'ana anthu, ndipo ndondomeko ya Unduna wa Zaumoyo kuno kwathu ya zaka za 2023 mpaka 2030 ikuloza njira yomweyo. Komatu ndani angathe kuphatikiza Lachiwiri lija ndi Lachinayi kuti likhale tsiku limodzi? Namwino wa pakhomo la shuga sangathe, chinkana akhale ndi mtima wabwino chotani. Amene angathe ndi amene amalemba ndandanda ya ntchito, nagawa zipinda, nauza wa ku famase tsiku lotsegula kabati. Ndipo ameneyo akapanda kuona vutoli, mapangano a ku Geneva adzathera m'mafayilo.

Maganizo amenewa sali achilendo monga ena amayesera. Azungu ali ndi mayina awo amene amawatchula: Carl Rogers wa ku America, amene anaphunzitsa kuti wothandiza munthu wosautsidwa mumtima ayambe wamvetsera, ndi Cicely Saunders, amene anali namwino asanakhale dokotala, natsegula nyumba ya St Christopher's mu London m'chaka cha 1967, naphunzitsa kuti ululu wa munthu wodwala kwakayakaya uli wa thupi, wa maganizo, wa banja ndi wa mzimu pamodzi. Chiphunzitso chakecho chinafika kuno, ndipo amene anafikako ku Tiyanjane pachipatala cha Gulupu mu Blantyre kapena ku Ndi Moyo ku Salima anachiona ndi maso. Koma ife amene tinakula tikutumidwa kukazonda odwala tinachidziwa kale, pakuti wokazonda salowa ndi funso la matenda. Amayamba wakhala pansi, nafunsa za kugona, za kudya, za ana, ndipo za nthenda zimadza pambuyo. Owerenga Buku Lopatulika akumbukiranso kuti Ambuye Yesu, atakumana ndi Bartimeyu panjira ya ku Yeriko, ngakhale khungu lake linali loonekera kwa onse, anayamba wamfunsa mwini wake chimene anali kufuna. Ndinene mongodutsa kuti amene amadabwa poona anthu ophunzira akupitabe kwa asing'anga aganizire za ichi: sing'anga, kaya mankhwala ake ndi oona kaya ndi onama, amakhala nawe pansi nakumvera mpaka utatha mawu.

Wina angati zonsezi n'zokometsera chabe, zoyenera maiko olemera. Ayi ndithu. M'chaka cha 2018 gulu la akatswiri losonkhanitsidwa ndi magazini ya zachipatala ya Lancet Global Health linawerengera kuti m'maiko osauka ndi apakati anthu 8.6 miliyoni amamwalira chaka chilichonse ndi matenda amene chipatala chikadatha kuchiza, ndipo kuti mwa amenewa, 5 miliyoni anafikako ndithu kuchipatala koma chisamaliro chimene analandira chinali chosakwanira. Tamvani bwino pamenepo: ofera m'manja mwathu ndi ochuluka kuposa olephera kufika. Kuno kwathu, boma litaletsa azamba akumudzi kubereketsa m'chaka cha 2007, mafumu naika zindapusa za mbuzi ndi nkhuku kwa wochilira pakhomo, amayi anamvera, ndipo kafukufuku wa boma wa 2015 ndi 2016 anapeza kuti ana 91 mwa 100 alionse anali kubadwira m'chipatala. Imfa za amayi zinatsika kuchoka pa 984 m'kafukufuku wa 2004 kufika pa 439 mwa ana 100,000 obadwa amoyo, ndipo pamenepo tiyenera kuthokoza. Koma 439 ndi maliro ambiri kwa mtundu umene amayi ake anachita zonse zimene anauzidwa. Tinawaitana, iwo nadza. Mangawa atsala kwa ife oitana. Ndipo pamene WHO inatulutsa chikalata m'chaka cha 2014 chodzudzula kunyozedwa ndi kuzunzidwa kwa amayi pochira m'zipatala za dziko lonse, panalibe mayi wa kuno amene akadafuna womasulira kuti amve chimene chikunenedwa.

Tsono taonani mmene mtsogoleri wa chipatala amapangidwira pakati pathu. Mnyamata wamaliza maphunziro ake ku Malawi College of Health Sciences, kapena mtsikana watuluka ku imodzi mwa sukulu za unamwino za CHAM, bungwe la zipatala za mipingo limene limasenza pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a ntchito zaumoyo m'dziko muno. Watumizidwa ku chipatala chaching'ono cha kumudzi, ndipo asanathe zaka ziwiri, poti amene anali pamwamba pake wasamutsidwa kapena wapita kukawonjezera maphunziro, amva anthu akumuitana kuti a inchaji. Kalata yabwera, makiyi waperekedwa, basi. Dzulo ntchito yake inali malungo, chibayo ndi zilonda, zimene anaziphunzira bwino lomwe. Lero m'mawa wapeza mlonda woledzera amene ali msinkhu wa atate ake. Namwino mmodzi yekhayo wagwira usiku wachitatu motsatizana ndipo wakalipira mayi woyembekezera. Alangizi a zaumoyo akudandaula za njinga. Mafuta a ambulansi kulibe. Anyakwawa atumiza uthenga kuti anthu akudandaula. Ndipo malipoti a mwezi akufunika kuboma pofika Lachisanu. Mwa zonsezi, chimodzi chokha ndicho chimene akapanda kuchita adzaimbiridwa foni, ndicho malipoti. Musadabwe tsono akatseka chitseko nayamba kudzaza mafomu, anthu ali pamzere panja.

Zomwezo zimachitika pamwamba. Sukulu yathu ya unamwino ya Kamuzu College of Nursing inayamba m'chaka cha 1979, ya madokotala inatsegulidwa ku Blantyre m'chaka cha 1991 ndi khama la anthu onga Dr John Chiphangwi, ndipo ziwirizi zinaphatikizana m'chaka cha 2021 kukhala Kamuzu University of Health Sciences. Zatipatsa akatswiri amene sitichita nawo manyazi kulikonse. Koma kuyambira pamene dziko linayamba kutula mphamvu ku makhonsolo m'chaka cha 1998, dokotala wachinyamata akhoza kupezeka ali mkulu wa zaumoyo m'boma, woyang'anira antchito mazanamazana, ndalama, magalimoto ndi zipatala za boma lonse, pamene mtima wake ndi maphunziro ake zili ku fiyeta. Timatenga dokotala wabwino koposa, timchotsa pa odwala, timkhazika mu ofesi, ndipo kawirikawiri timataya dokotala osapeza mtsogoleri. Ngakhale Mose, munthu woyankhula ndi Mulungu, anachita kulangizidwa ndi mpongozi wake Yetero, amene atampeza akuweruza milandu yekha kuyambira m'mawa mpaka madzulo, anamuuza kuti adzalema pamodzi ndi anthu ake, namphunzitsa kugawa ntchito kwa akulu a zikwi, a mazana, a makumi asanu ndi a makumi. Utsogoleri ndi luso lochita kuphunzira.

Kuti tisayese kuti vutoli ndi la umphawi wokha, tiyeni tiwoloke nyanja pang'ono, tipite ku England, dziko limene anamwino athu ambiri anathawirako kumayambiriro a zaka za m'ma 2000. Pachipatala cha Stafford, pakati pa 2005 ndi 2009, okalamba anali kusiyidwa m'zofunda zoipitsidwa, chakudya ndi madzi zili patali poti sangafikire, mabelu oitanira thandizo akulira popanda woyankha. Ndipo zinaululika makamaka chifukwa cha kulimbika kwa achibale, motsogozedwa ndi Julie Bailey, amene mayi ake anamwalirira m'chipatalamo. Loya wina wamkulu, Robert Francis, atafufuza, anatulutsa lipoti lake m'chaka cha 2013 lokhala ndi malangizo 290. Mutu wa zimene anapeza unali wakuti akuluakulu a chipatalacho maso awo anali pa ndalama ndi pa manambala amene a pamwamba anali kufuna, nachepetsa anamwino kuti mabuku aoneke bwino, osamvera madandaulo a odwala, antchito naopa kuyankhula. Mankhwala analipo, magetsi sanali kuzima. Kodi anamwino a ku Stafford anabadwa ankhanza? Iyayi; anaphunzira kwa akulu awo chimene chinali kuwerengedwa ndi chimene sichinali kuwerengedwa.

Chitsanzo cha mbali inayo tili nacho pakhomo pompano, ndipo ndimanyadira kuchitchula. Ku Gulupu, chipatala cha Queen Elizabeth mu Blantyre, kale ana odwala anali kuonedwa motsata mzere, wofika poyamba naonedwa poyamba, kotero kuti mwana wokomoka anali kutha kutsirizika kumsana kwa mayi wake pamene kutsogolo akuona wa chimfine. Professor Elizabeth Molyneux ndi anzake anaima pamzerepo nauyang'ana ndi maso a mayi amene ali kumbuyo. Anakonza kuti mwana aliyense ayang'anidwe msanga akangofika, wodwalitsa alowe pomwepo, wofunika changu atsogozedwe, ndi wopepukidwa adikire. Anaika madokotala odziwa ntchito pakhomo penipeni, naphunzitsa antchito onse, nakonza malo atsopano olandirirapo ana m'chaka cha 2001. Imfa za ana ogonekedwa, zimene zinali pakati pa 10 ndi 18 mwa 100, zinatsika kufika pakati pa 6 ndi 8. Njira imeneyi, imene amaitcha ETAT, WHO inaitenga, ndipo lero ikuphunzitsidwa m'maiko ambiri. Ndipo mwa zimene imalangiza muli chakuti ngakhale mlonda wa pageti, kalaliki ndi wosesa aphunzitsidwe kuzindikira mwana amene sangathe kudikira. Palibe mankhwala atsopano amene anatulukiridwa. Panapezeka mtsogoleri amene anaona, nakhala ndi mphamvu ndi luso losintha kayendedwe ka nyumba.

Nanga tsono mtsogoleri timphunzitse chiyani? Ine ndikadapatsidwa mpata, phunziro loyamba likadakhala la miyendo. Avule jekete loyera lija, afike pageti mbandakucha pamodzi ndi odwala, ayende njira yonse imene iwo amayenda, kuchoka kolembetsa, kupita koyezetsa magazi, kubwerera kwa dokotala, kukaima ku famase, nawerenge maola. Alowe m'chimbudzi chimene odwala amalowa. Akhale usiku umodzi ku chitando, aone kumene odikirira odwala amaphikira ndi kumene amatunga madzi. Pakuti anthu amenewa, amene timawathamangitsa m'wodi nthawi ya raundi ngati osokoneza, ndiwo amasambitsa, amadyetsa, amatembenuza ndi kuchapira odwala athu, ndipo ndiwo amayamba kuona kuti kupuma kwa mwana kwasintha. Mtsogoleri amene wagonako ku chitando sadzafunanso womuuza kuti wodikirira afotokozeredwe za mankhwala ndi zizindikiro zoopsa, ndi kuti akathamangira kwa namwino usiku asabwezedwe ndi mawu akuti “mwaphunzira udokotala liti?”

Kenaka aphunzire kusamala amene akusamala ena, ndipo apa ndipo pagona nkhani. Namwino amene walandira amayi khumi ndi awiri usiku umodzi ali yekha, wopanda magolovesi okwanira, amene ndalama yake ya lokamu yachedwa miyezi, amene mkulu wake amangomuonekera tsiku limene walakwa, ameneyo mukamtumiza ku maphunziro a ulemu adzabwerako ndi satifiketi, koma mkwiyo wake adzautula pa munthu yekhayo amene ali pansi pake, ndiye wodwala. Boma linazindikira mbali ina ya vutoli pamene linayambitsa ndondomeko yapadera ya antchito azaumoyo m'chaka cha 2004, niliwonjezera malipiro awo ndi 52 peresenti kuti asathawe, ndipo zinathandiza. Koma pali zina zimene ndalama sizigula, zimene zili m'manja mwa inchaji: kugawa mausiku mosakondera, kusasankha okhaokha okondedwa ake popita ku maphunziro a alawansi, kuima kumbuyo kwa wantchito wake pamene wanamiziridwa, kunena zikomo. Ndiponso pakagwa imfa ya mayi, antchito nakhala pansi kuti aunike chimene chinachitika, mtsogoleri wosaphunzira amasandutsa msonkhanowo bwalo la milandu lofunafuna woti apachikidwe, ndipo zotsatira zake n'zakuti mawa aliyense adzalemba m'fayilo zodzitchinjiriza, choona nichibisika. Wophunzira amafunsa kuti magazi anachedwa pati, foni inalephera pati, ambulansi inali kuti, kufikira dzenje limene mayiyo anagweramo litapezeka ndi kukwiriridwa.

Sindikunena kuti mtsogoleri akhale wofewa ngati phala la mwana. Alipo antchito amene amatukwana odwala mwadala, amene amagulitsa mankhwala a boma, amene amafika dzuwa lili pamutu. Ndipo kudzudzula munthu wamkulu kuposa iwe, kapena mnzako amene munadyera mbale imodzi kusukulu, n'kovuta pa chikhalidwe chathu kuposa kuchita opaleshoni. Ichinso ndi chofunika kuphunzitsa, pochita kuyeserera ndithu: kumuitanira munthu pambali, kumuuza cholakwa chake mosazungulira ndi mosamnyazitsa, kulemba, ndi kubwereranso kudzaona ngati wasintha. Chizolowezi chathu chosamutsa wolakwa kumka naye ku chipatala cha kutali kwambiri, ngati kuti anthu a kumeneko si anthu, chimasonyeza kuti luso limeneli tilibe.

Za kumene maphunzirowa ayenera kuchitikira, ndiyankhula mosabisa, ngakhale ndidziwa kuti ena sakondwa. Takhala zaka zambiri tikutengera akuluakulu a zipatala ku mahotela a kunyanja, ku Mangochi ndi ku Salima, masiku asanu, kukaonera zithunzi pakhoma ndi kusaina alawansi, pamene chipatala chatsala ndi wophunzira ntchito. Ndipo Lolemba lotsatira zonse zimabwerera mwakale, kupatula chikwama chatsopano cholembedwa dzina la bungwe. Mtsikana saphunzira kuumba mbiya pomvera nkhani ya dothi. Amakhala pambali pa woumba, manja ali m'dothi, mbiya yoyamba nipindika, woumba namuwongolera. Utsogoleri uli chomwecho. Wophunzirayo asankhe vuto limodzi lenileni la pachipatala pake, kaya ndi mzere wa ku famase, kaya ndi amayi ochira popanda chotchinga, alimbane nalo miyezi ingapo pamodzi ndi gulu lake lonse, pakhale mkulu wodziwa amene amamuyendera, namufunsa, namulimbikitsa; ndipo a inchaji a m'boma limodzi azikumana kuti aphunzitsane, pakuti mutu umodzi susenza denga. Ndikuti gulu lonse chifukwa kuphunzitsa munthu mmodzi n'kumubwezera pakati pa anzake osaphunzira ndiko kumtuma kukamenyana yekha. M'kalasi mulinso malo ake, pakuti bajeti, malamulo a ntchito ndi kuwerenga manambala sizidziwika mwa maloto. Koma kalasi itsate ntchito.

Aphunzitsi ena a mtsogoleri ali kunja kwa mpanda, ndipo salipidwa. M'chaka cha 2002 bungwe la CARE kuno ku Malawi linayambitsa njira imene anthu a m'mudzi amakhala paokha napereka malikisi ku chipatala chawo, antchito nawonso nadzipatsa malikisi paokha, kenaka mbali ziwirizi nizikumana pabwalo limodzi pamaso pa mafumu ndi akuluakulu a boma kuti zigwirizane chochita. Njira imeneyi inabadwira kuno ndipo yafika m'maiko ena ambiri. Tilinso ndi makomiti a zipatala, ndipo m'zaka zapitazi m'zipatala mwaikidwa ma ombudsman olandira madandaulo. Koma zonsezi zimafa kapena kukhala ndi moyo malinga ndi munthu mmodzi yemwe uja. Inchaji amene amamva dandaulo lililonse ngati chitonzo adzasandutsa komiti kukhala gulu lotchetcha udzu, ndipo bokosi la madandaulo kiyi wake adzasowa. Kukhala pansi pa mtengo, mayi wosadziwa kulemba nakuuza pamaso pa anthu kuti chipatala chako chimatsegulidwa mochedwa, iwe osadziteteza, osakwiya, koma kufunsa kuti afotokoze bwino, ndi chinthu chimene thupi silifuna. Koma mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo amene sanakonzekere zimenezo asalandire makiyi.

Ndikudziwa chimene anzanga a m'zipatala akunena pamene akundimvera, mwina ali pa tiyi wa usiku. Akuti, bambo inu, tipatseni mankhwala ndi antchito, ulemuwo udzabwera wokha. Mbali ina akunena zoona, ndipo ndikana kolimba kuti nkhani ya ulemu ikhale chophimbira boma pamene mashelefu ali mbee; kumwetulira sikuchiza chibayo, ndipo mtsogoleri wabwino ndi amenenso amalimba mtima kulembera a pamwamba kuti zinthu sizili bwino, ngakhale atchedwe wovuta. Koma taonani za Dr Kate Granger, dokotala wachitsikana wa ku England amene anadwala khansa, nagonekedwa m'zipatala zokhala ndi zonse, nazindikira kuti ambiri omugwira thupi sanali kumuuza ngakhale dzina lawo. M'chaka cha 2013 anayambitsa kampeni yopempha chinthu chimodzi chokha, kuti wantchito aliyense adzitchule dzina asanagwire wodwala, ndipo pomwalira iye m'chaka cha 2016 zipatala zambiri zinali zitautenga mwambowo. Chuma sichinabweretse ulemu ku England, ndipo umphawi sutiletsa ife kuuyamba. Ngakhale tsiku limene mankhwala atha, pali kusiyana pakati pa kuponyera munthu kapepala kuti “kaguleni,” ndi kumuuza chimene wadwala, dzina la mankhwala, kumene angawapeze mosakwera mtengo, ndi zizindikiro zoti akaziona abwerere msanga. Namwino adzachita chachiwirichi ngati anaona mkulu wake akuchita chomwecho, ndiponso ngati akudziwa kuti mkuluyo adzafunsa.

Tsono ndikugwadireni inu a ku Unduna, inu a m'makhonsolo, ndi inu eni zipatala za mipingo: musanasaine kalata yokweza mwana wa eni kukhala inchaji, mkulu wa anamwino kapena mkulu wa zaumoyo m'boma, mupezereni womuyendera chaka chake choyamba, ndipo pomuyesa ntchito musawerenge malipoti okha, mufunsenso odwala ndi antchito ake. Inu a sukulu zathu zaumoyo, phunziro limeneli lisakhale la masabata otsiriza pamene ophunzira maganizo ali pa mayeso. Ndipo inu omvera, chipatala chimene mumapitako chili ndi komiti, ndipo komitiyo ili ndi wapampando amene ndi munthu wa m'dera lanu lomwelo. Funsani kwa anyakwawa dzina lake ndi tsiku la msonkhano, mupiteko, mukanene chimene munaona, choipa ndi chabwino chomwe, ndipo namwino amene anakusamalani bwino mukamtchule dzina pamaso pa mkulu wake.